Waya Wofiira ndi Kandulo ya Apongozi

Amuna anga a Zenon Pankiw anayamba kulumikiza ng'anjo zotenthetsa nyumba muno m'tauni ya Dauphin tsitsi lili lodzaza mutu, ndipo mpaka lero, dazi litafika kunkhongo, sanaonepo kusiyana kwa chofiira ndi chobiriwira. Anabadwa choncho. Kwa iwo udzu wa mu Julaye ndi msuzi wofiira wa borshch n'chimodzimodzi, zonse zimaoneka ngati matope. Akanakhala wosenda mbatata sibwenzi pali nkhani. Koma munthuyu, pa ntchito zonse za mu Manitoba, anasankha ya mawaya, kumene waya aliyense amadziwika ndi mtundu wake.

Anandiululira titangokwatirana. Tsiku lina anandipempha kuti ndikawagwirire tochi kunsi kwa nyumba ya munthu wina, ine n'kumayesa ndi chikondi, sakufuna kusiyana nane. Titafika pa ng'anjo anatulutsa timawaya tiwiri n'kundifunsa monong'ona kuti kofiira ndi kati. Ndinaseka. Iwo sanaseke, makutu okha ndiwo anafiira. Asanandikwatire ankanamizira kuti tochi yawo ndi yofooka n'kumafunsa mnzawo wa pantchito, koma tsopano anali atayamba kudziimira paokha ndipo analibenso womufunsa.

Ntchito yake ili motere. Ng'anjo imakhala kunsi kwa nyumba, kumdima, ndipo payokha sidziwa ngati anthu pamwamba akunjenjemera kapena akutuluka thukuta. Imachita kuuzidwa ndi kabokosi ka pakhoma koyeza kutentha kwa m'nyumba, kamene a Zenon amakatcha kapitawo. Pakati pa awiriwa pamadutsa chingwe cha timawaya ta mitundumitundu. Kofiira kamabweretsa magetsi kwa kapitawo, koyera n'komwe amalamulira kuti moto uyake, kobiriwira kamadzutsa fani yokankha mpweya wofunda kupita m'zipinda. Tina n'ta makina oziziritsa m'chilimwe ndi kachipangizo kothira chinyezi kuti milomo isang'ambike. Ukasinthanitsa kofiira ndi kobiriwira, ng'anjo imangokhala duu, kapena fani imapemerera anthu mphepo yozizira mu Januwale, ndipo Januwale wa kuno sachita naye masewera.

Choncho ndinakhala maso awo. Kulikonse kumene galimoto yawo yantchito yaima, ine ndinkatsikira mbali inayo, tochi m'manja. Mwini nyumba akaima pafupi n'kumayang'anitsitsa, tinali ndi zizindikiro zathu: akagwira kofiira ndinkakanda mphuno, akagwira kobiriwira ndinkakhosomola. Pali agogo ena ku Sifton amene anandipatsa botolo la uchi chifukwa cha chifuwa chimenecho. Amayi a kutchalitchi anagamula okha kuti ine Orysia ndine wansanje, sindilola mwamuna wanga kulowa yekha m'nyumba ya mkazi wina. Ndinawasiya azinena. Ndikawayang'ana amuna angawo, mimba patsogolo, sokosi zobooka, ndinkaona kuti kunenedwa wansanje pa munthu wotere n'kumuchitira ulemu waukulu.

Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Zimene maso anawamana, manja ndi makutu anawabwezera. Amaika chikhatho pa ng'anjo ngati akuyeza mwana malungo, n'kumaiyimbira nyimbo za m'tchalitchi ndi mawu oti ng'ombe ingachite nawo nsanje. Ndipo sachoka panyumba asanavule nsapato n'kuima pa kabowo ka pansi kotulukira mpweya, kudikira kuti chala chotulukira pa sokosi chimve kufunda. Patapita zaka anagula mita yoyezera magetsi yoti n'kuwauza waya uyu ndi uti popanda ine. Ndinaganiza kuti ntchito yandithera. Iwo anati mita siseka nthabwala zawo, ndipo m'mawa mwake anandidzutsa monga mwa masiku onse. Chinthu chimodzi chokha ankachiopa kuposa imfa, kuti anthu a m'tauni adziwe. Ankati ndani angapereke nyumba yake, gasi ndi magetsi zili momwemo, kwa munthu wosaona waya wofiira.

Ntchito yaikulu imene anagwira ine kulibe ndi ya kwa amayi anga, a Paraska. Ng'anjo yakale, imene malemu bambo anga anaika ndi manja awo, inatopa, ndipo tinagwirizana kuti yatsopano ilowe m'chilimwe. Sabata yomweyo nthawi yoti mwana wathu Halya achire inakwana ku Brandon, ine n'kuthamangira komweko. A Zenon anatsala ndi mita yawo. Anakoka magetsi kuchokera pa bokosi lalikulu, anaika swichi pamwamba pa masitepe opita kunsi, analumikiza zonse. Kapitawo wakale ankakhala pafupi ndi chitseko, pomwe mphepo ya panja inkamunamiza, ndiye watsopanoyo anamuika pakhoma la m'kati pabalaza, kutali ndi chitseko, kutali ndi dzuwa, pambali pa zithunzi za oyera mtima zimene amayi anapachika kalekale. Pa lamya anandiuza monyada kuti zatheka popanda chifuwa changa.

Chipale chofewa cha nyengo yozizira chitayamba kugwa ndi pamene zinaoneka. Ndinapita kwa amayi m'mawa wina n'kuwapeza atavala jasi ya malemu bambo, mpango kumutu, nsapato za panja kumapazi, m'nyumba mukuzizira ngati m'firiji. Ndisanavule magolovesi ng'anjo inayamba kulira kunsi. Nditafunsa, amayi anati iwo sakuzizidwa, jasiyo angoivala poikumbuka. Ulendo wotsatira chimodzimodzi. Aliyense wofika ankapeza nyumba yozizira ndi ng'anjo yongodzuka kumene, ngati wantchito waulesi amene wamva mgugu wa abwana.

Mlongo wanga wamng'ono, Lubko, amakhala ku Winnipeg ndipo amagwira ntchito ya inshulansi, choncho akayang'ana nyumba iliyonse amaona phulusa. Ndiye analetsa kandulo m'nyumba mwa amayi, katani itawauka pang'ono chaka china, n'kuwauza kuti akadzangopezanso kandulo ikuyaka, basi akuwatenga. Si munthu woipa, amawakonda amayi mpaka kuwasowetsa mtendere. Atamva za kuzizirako, yankho analipeza pomwepo: amayi ayamba kuiwala, akumazimitsa ng'anjo pa swichi ya pamasitepe poyesa ndi ya getsi, n'kuiyatsa akamva galimoto. Anawapezera malo kunyumba yosungira okalamba ku Winnipeg. Anati abwera pa Khirisimasi ya tchalitchi chathu, imene imachitika mu Januwale, ndi makatoni, ndipo pobwerera anyamula amayi ndi katundu wawo.

Amayi analowa m'nyumba imeneyo ali mtsikana wongokwatiwa kumene. Munda wawo wa tomato uli kuseri, manda a bambo ali poyenda wapansi. Atamva za Winnipeg sanalire, anangosiya kudya bwino. Ine mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinamukalipira Lubko pa lamya mpaka anadula.

A Zenon nawo chakudya chinasiya kuwakomera. Anali otsimikiza kuti anasokoneza mawaya tsiku limene ine kunalibe, ndipo apongozi awo akuchotsedwa pakhomo chifukwa cha maso awo. Ndinatsika nawo kunsi, ndinaunika kumbali ya ng'anjo, ndinaunika kumbali ya kapitawo. Kofiira kanali pamalo pake, kobiriwira pamalo pake, panalibe chokhosomolera. Anamata swichi ya pamasitepe ndi tepi. Tepi inakhala yosakhudzidwa, nyumba n'kumazizirabe. Lubko anati ndiye kuti amayi akumatsitsa kapitawo ndi chala. Tinagwira njakata.

Khirisimasi ili pakhomo, a Zenon anati ng'anjo imeneyi imadziwa kulira kwa galimoto yawo, ndiye aipitira wapansi. M'mawa wina anasiya galimoto kutchalitchi, analowera pa chitseko cham'mbali chopita kunsi, n'kukakhala pa ndowa yovundikira, phee. Ng'anjo inkayaka bwinobwino. Pamwamba anamva amayi akutsuka kapu, kenako akukoka kampando. Posakhalitsa moto unazima ndipo sunayakenso. Anadikira mpaka chala cha pa sokosi chinayamba kuuma, ndiye anakwera masitepe mwakachetechete.

Amayi anali chiimire kutsogolo kwa zithunzi zija, jasi ili m'thupi, akupemphera motsitsa mawu. Pa kampando panali kandulo m'tambula, ikuyaka bwinobwino, pansi penipeni pa kapitawo.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Amayi anadzidzimuka n'kuyesa kuphimba kandulo ndi jasi. "Bambo a Halya, mwalowera pati ngati mbava? Galimoto yanu ili kuti?"

A Zenon analoza pakhoma. Anawapempha kuti aike chikhatho pa kabokosi kaja. Kanali kofunda ngati buledi wongophula kumene. Anawafotokozera kuti kapitawo sadziwa kuti kunja kuli chipale, amangomva mpweya umene wamufika pamphuno, ndipo kandulo ikayaka pansi pake amayesa ndi Julaye n'kuuza ng'anjo kuti ipume. Amayi akamva galimoto ankazimitsa kanduloyo n'kuibisa m'poto, kapitawo n'kuzizidwa, ng'anjo n'kudzuka.

Amayi anakhala pansi. "Ndiye kuti si malemu?"

Zinapezeka kuti iwo anali ataona kale kuti nyumba imazizira akangoyamba kupempherera bambo, ndipo ankayesa ndi bambowo akwiya kuti tinataya ng'anjo yawo. Ndiye ankawonjezera mapemphero kuti awapepese, kandulo n'kumayaka mpaka masana. A Zenon akuti anayesetsa kudzigwira koma chikhakhali chinawapulumuka, amayi nawo n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Kenako kusekako kunatha.

"Mwana uja akamva za kandulo, ine ndapita ku Winnipeg," anatero amayi. "Malemu apongozi anu ndimawayatsira m'mawa uliwonse chimwalirireni, ndipo sindingasiye. Musamuuze, bambo, ndapota nanu."

"Kandulo sisuntha, amayi. Asunthe ndi kapitawo."

Akanatha kumusuntha tsiku lomwelo, koma amayi anakana kuti munthu aboole khoma nyumba itakolopedwa kale kudikira chikondwerero. Atandiuza zonsezi kunyumba, ine ndinati timuuze Lubko kuti kapitawo anabwera wowonongeka kuchokera kumene anamupanga. A Zenon anakana. Anati alamu awo aja akhoza kulondola nkhaniyo mpaka kukafika kufakitale, ndiponso iwo sanganamizire chinthu chimene chikugwira ntchito yake mokhulupirika. Nditafunsa kuti nanga anena chiyani, anangoti aona.

Madzulo a Khirisimasi tinakhala pathebulo nyenyezi yoyamba itaoneka. Panali tirigu wophika wothira uchi, borshch, nsomba, kabichi wokulunga, ndi buledi woluka wokhala ndi kandulo pakati, imodzi yokhayo imene Lubko amalola pachaka, iye atakhala pafupi ndi chozimitsira moto. Makatoni ake anali atawaimika pakhonde. Panalinso msuweni wathu Slavka, amene mukamuuza nkhani pa kadzutsa, pofika nkhomaliro imakhala itawoloka malire kupita ku Saskatchewan. A Zenon anadikira kuti aliyense alawe tirigu, kenako ananena kuti vuto alipeza, ndi lawo, kapitawo anamuika molakwika ndipo akonza chikondwerero chikatha.

Lubko anaseka. "Alamu, inuyo kulakwitsa ng'anjo? Musandipusitse. Mukungoikira kumbuyo amayi, ndikukuonani. Chiyambire sindinamvepo kuti ntchito yanu yabwerezedwa."

"Simunamvepo chifukwa achemwali anuwa amakhala ali pomwepo. Tsiku lija anali ku Brandon."

"Nanga achemwali amadziwa chiyani za magetsi? Si kugwira tochi chabe?"

Ndinawaponda phazi pansi pa thebulo, koma sanandiyang'ane n'komwe. Anaika supuni pansi.

"Ine alamu, chofiira ndi chobiriwira sindizisiyanitsa. Chibadwire. Msuzi uwu mukuti ndi wofiira, ine ndimangokhulupirira. Maso anga ndi achemwali anuwa, ndipo ntchito ya nyumba ino ndinagwira maso anga ali ku Brandon."

Palibe bodza limene ananena, koma Lubko analumikiza yekha mawaya m'mutu mwake n'kukafika pomwe a Zenon ankafuna. Ine ndinkayang'ana Slavka, maso ake akuwala, ndipo ndinadziwa kuti chinsinsi chimene tinasunga moyo wathu wonse chapita. Misozi inalengeza m'maso. Sindinayambe ndawakondapo amuna anga ngati madzulo amenewo, ndipo nthawi yomweyo ndinkafuna kuwamenya ndi poto.

Lubko, poti ndi wa inshulansi, anafuna umboni. Anatola tinsalu tiwiri ta pathebulo, kofiira ndi kobiriwira, n'kuwauza alamu ake kuti aloze kofiira. A Zenon anatambasula dzanja molimba mtima n'kugwira kobiriwira, ndipo ine, mwachizolowezi, ndinakhosomola.

"Ndiye chifuwa chija!" anakuwa Slavka.

Tinaseka mpaka Lubko anaiwala kuyang'anira kandulo. Atapukuta maso ananyamuka, anapita kumene kunali amayi n'kuwagwira dzanja. Anawapepesa kuti ankayesa mutu wawo wayamba kusokonekera, pakuti mantha ake enieni anali amenewo. Anati nyumba ikakhala yofunda mpaka chipale chisungunuke, za Winnipeg aziiwala. Amayi anangotenga mbale ya a Zenon n'kuidzazanso, maso ali pansi.

Pofika mapemphero a m'mawa tauni yonse inali itamva. A Zenon analowa m'tchalitchi ngati munthu wopita kukaweruzidwa. Koma zimene ankaopa zaka zonse zija sizinachitike. Amuna anzawo anawagulira sokosi, imodzi yofiira ina yobiriwira, n'kuwauza kuti ndi zofanana. Mayi wina amene ng'anjo yake inkayembekezera kukonzedwa anangoti abwere ndithu, bola Orysia abwerenso. Okhumudwa anali amayi a kutchalitchi okha, pomva kuti nsanje imene anandinenera zaka zonsezi kunalibe.

Chikondwerero chitatha tinapita kukasuntha kapitawo. A Zenon anakoka chingwe chatsopano kuchokera ku ng'anjo n'kukachitulutsira pakanjira kopita kuzipinda zogona, kumene kulibe zenera kapena chithunzi cha woyera mtima aliyense. Mbali ya kunsi ndinawaunikira ndine. Titakwera pamwamba amayi anandilanda tochi n'kundiuza kuti ndikawiritse tiyi. Ndinaika ketulo pamoto n'kuima pakhomo la kukhitchini, chifukwa ine si munthu woti n'kuphonya nkhani.

"Kofiira ndi ako kali kudzanja lamanzere, bambo," anatero amayi. "Kobiriwira ndi aka. Musadikire kuti ndikhosomole, ine chifuwa ndilibe."

A Zenon anamanga kofiira, anamanga koyera, kenako anapepesa kuti anawabisira apongozi awo za maso awo nthawi yonseyi.

"Kubisa chiyani? Chaka chimene munkafunsira mwanayu ndinakutumani kumunda kukathyola tomato wakupsa. Munabwera ndi beseni lodzaza, wosapsa yekhayekha, mukumwetulira, n'kumati chaka chino wapsa bwino. Ndinamuika m'mabotolo a madzi a mchere, n'kuwauza apongozi anu kuti ndinachita kutuma wosapsa dala. Akanadziwa, munthu wa magetsi wosaona waya sakanamupatsa mwana." Anasuntha tochi kuti iunike bwino. "Chinsinsi chanu ndinachisunga kuyambira tsiku limenelo. Sindinkadziwa kuti mudzachimwaza pathebulo chifukwa cha kandulo yanga."

A Zenon anatola kawaya kotsala. Anamanga kobiriwira pang'onopang'ono, kwa nthawi yaitali kuposa mmene kawaya kamodzi kamafunira, makutu ali psuu. Atatseka kabokosiko anapita pabalaza, anakhoma kashelufu kachitsulo pansi pa zithunzi zija, kutali ndi katani, n'kuikapo tambula yakuya imene anabwera nayo m'thumba la jasi. Kenako anawauza amayi kuti ayatse.

Amayi anatulutsa kandulo m'poto muja n'kuiyatsa. Tinaima atatu, kumvetsera. Kunsi kunamveka kaphokoso, kenako moto, kenako fani, kandulo ikuyakabe. A Zenon anavula nsapato n'kuima pa kabowo ka mpweya, sokosi ina yofiira ina yobiriwira. Amayi anawayang'ana, anavula jasi ya malemu bambo n'kukaipachika kuseri kwa chitseko.

Chipale chitasungunuka Lubko sanabwere kudzatenga makatoni ake. Amayi anawadula, anathiramo dothi n'kufesamo tomato pazenera. Tomatoyo atapsa anaitana a Zenon kuti adzanyamule beseni, koma wothyola ndinali ine.